Sikelo ya ana: kuyeza thupi, kuwerenga mzere ndi kuona zimene mwana wayamba kuchita

Malangizo awa ndikulembera anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito ya sikelo ya ana kuno ku Blantyre, kaya ndinu mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena dokotala wa pachipatala chaching'ono, ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Limbe, South Lunzu mpaka kunja kwa tauni ku Mpemba ndi ku Chileka. Makolo amene mumabwera ndi ana, inunso werengani, chifukwa zambiri mwa izi mukhoza kuziona nokha muli pakhomo.

Tsiku la sikelo mzere umatalika, ana akulira, amayi ena mtima uli ku geni imene asiya. Pa tsiku lotere n'kosavuta kupachika mwana, kulemba nambala m'buku, n'kuitana wotsatira. Koma mayi amene watseka benchi yake ya tomato kapena walipira minibasi sanadzere nambala. Wabwera kuti wina amuuze ngati mwana wake akukula bwino, ndipo funso limeneli sikelo payokha singaliyankhe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba pang'onopang'ono, kawirikawiri mwana asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo malo oyamba amene kungaonekere ndi patebulo panu.

Yambani ndi maso

Mwana akamalowa ali kumbuyo kwa mayi ake, muoneni musanamugwire. Kodi ali maso, akuyang'ana uku ndi uku, kapena wangoti lobodo? Perekani moni, kenaka funsani kuti, "Mayi, mwanayu wakhala bwanji mwezi uno? Pali chimene chikukudetsani nkhawa?" Akayamba kuyankha musawadule pakamwa. Ngati wabwera ndi agogo kapena mchemwali wake, funsaninso amene amakhala naye masana onse.

Mwana amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, amene wakomoka pa matenda amenewa, kapena wafooka moti akuvuta kudzutsa, asadikirire pamzere wa sikelo. Pitani naye kwa dokotala nthawi yomweyo. Zoyeza zidzachitika pambuyo.

Dziwani msinkhu wake weniweni

Zonse zotsatira zimadalira miyezi ya mwanayo. Werengani kuchokera pa tsiku lobadwa lolembedwa m'buku, ndipo muziwerenga miyezi yokwanira yokha. Wobadwa pa 20 Januwale akabwera pa 10 Juni ali ndi miyezi 4, osati 5. Buku likasowa, thandizanani ndi mayi pogwiritsa ntchito zinthu zimene aliyense amakumbukira. Kodi anabadwa chimanga chili m'munda kapena atakolola? Khirisimasi isanafike? Namondwe wa Freddy, amene anagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, anali atadutsa kale kapena ayi?

Mwana wobadwa masiku asanakwane amafuna kuwerengera kwapadera. Ngati anabadwa mimba ili ndi masabata 32, ndiye kuti anafulumira ndi masabata 8, pafupifupi miyezi iwiri. Akabwera ali ndi miyezi 6, muyembekezere kwa iye zimene amachita mwana wa miyezi 4. Muzichotsera choncho mpaka akwanitse zaka ziwiri. Mukaiwala zimenezi mudzaopseza mayi amene wavutika kale miyezi yambiri ndi kangaru, kubereka mwana pachifuwa khungu kukhungu, pomwe mwana wake ali bwinobwino.

Kulemera

Pachikani sikelo pamalo olimba, nkhope yake ilingane ndi maso anu. Kolowekani kabudula wa sikelo wopanda mwana, n'kubweza muvi pa ziro. M'mawa uliwonse musanayambe, yesani sikeloyo ndi chinthu chodziwika kulemera kwake. Botolo la madzi la malita 5 limalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo muvi ukaloza kutali ndi pamenepo, sikeloyo musaidalire.

Mwana avulidwe. Thewera lonyowa, juzi, chipewa ndi nsapato zikaphatikizana zimabisa ndendende magalamu amene mukufuna kuwaona. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta tauni, amayi amakana kuvula ana, ndipo sakulakwa. Sankhani malo osawomba mphepo, mayi akonzeretu chitenje m'manja, mwana akhale wamaliseche kwa kamphindi kochepa chabe. Mkanda kapena mkuzi wa m'chiuno musalimbane nawo. Ndipotu umathandiza, chifukwa mayi amaona msanga ukayamba kukhwepa. Dikirani muvi ukhazikike, werengani mpaka pa magalamu 100, tchulani nambalayo mokweza kuti mayi amve, n'kulemba pomwepo. Ngati muli ndi sikelo yamagetsi yopondapo, mayi aponde yekha, mubweze pa ziro akadali pomwepo, kenaka mumupatsire mwana.

Pali manambala ochepa oyenera kukhala m'mutu. Wakhanda amatsika pang'ono masiku oyambirira, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kobadwa nako, ndipo pofika masabata awiri amakhala atabwerera pomwe anayambira. M'miyezi itatu yoyamba amawonjezera magalamu pafupifupi 150 mpaka 200 pa sabata. Wobadwa ndi makilogalamu 3 amafika cha pa 6 ali ndi miyezi 5, ndipo cha pa 9 kapena 10 akamakwanitsa chaka. Wobadwa ndi makilogalamu osakwana 2.5 ndi wofunika kumuyang'anira mwapadera kuyambira tsiku loyamba.

Kutalika

Apa ndi pamene ambiri timadumpha, chifukwa thabwa ndi lolemera ndipo ntchitoyo imafuna anthu awiri. Komatu kupinimbira sikuoneka pa sikelo yopachika. Mwana akhoza kukhala wonenepa bwino, masaya ali tutumu, koma ali wamfupi kwambiri pa msinkhu wake.

Wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona. Mayi kapena mnzanu agwire mutu kuti ukhudze thabwa lakumutu, maso a mwana aloze kudenga. Inu dinikizani mawondo pang'ono ndi dzanja limodzi kuti miyendo iwongoke, dzanja linalo likankhe kathabwa kakumapazi mpaka kakhudze zidendene zonse ziwiri, zala zitaloza m'mwamba. Wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo aimirire wopanda nsapato, zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zitakhudza thabwa. Munthu amatalikirapo pang'ono akagona, ndiye ngati mwayeza chogona mwana wa zaka ziwiri amene wakana kuima, chotsani masentimita 0.7. Ngati mwayeza choimirira wosakwana zaka ziwiri, onjezerani 0.7 yemweyo. Ana ambiri amabadwa ndi masentimita pafupifupi 50, n'kufika cha pa 75 pakutha pa chaka.

Mkono ndi mapazi

Kalamba ka MUAC, koyezera kunenepa kwa mkono, ndi ka ana a miyezi 6 mpaka 59. Gwirani mkono wamanzere, upindeni pachigongono, pezani pakati penipeni pa nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono. Kenaka mkonowo ulendewere momasuka, muzungulize kalambako osafinya komanso osasiya mpata. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kunyentchera kwakukulu. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi pachikasu. Kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Amayi amatha kuphunzira kuyeza okha, ndipo mukawaonetsa amagwira msanga.

Musamubweze mwana kwa mayi ake musanagwire mapazi. Dinikizani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zanu zazikulu, muwerenge mpaka katatu mosafulumira, n'kuchotsa. Pakatsala dzenje mbali zonse ziwiri, mwanayo watupikana, ndipo kumeneku ndi kunyentchera kwakukulu ngakhale sikelo ikuonetsa kuti walemera. Madzi a m'thupi ndi amene akumulemeretsa. Ndikutsindika apa chifukwa mwana wotupikana amanamiza aliyense: agogo amati wanenepa, mzere wa m'buku wakwera, koma mwanayo ali pangozi. Yang'ananinso tsitsi ngati lafiira ndi kupyapyala, khungu ngati likusupuka, ndi zikhatho ngati zayera posonyeza kuchepa kwa magazi.

Mutu

Kwa ana osakwana zaka ziwiri, yezani mutu ndi tepi yosatamuka. Idutse pamwamba pa nsidze, pamwamba pa makutu, ndi pamene nkhongo yatulukira kwambiri. Pobadwa mutu umakhala cha pa masentimita 35, pa chaka cha pa 46. Gwirani liwombo mwana ali phee atakhala tsonga. Lolowa m'kati limasonyeza kuchepa kwa madzi m'thupi, makamaka ngati akutsegula m'mimba. Lotukuka ndi lolimba, pamodzi ndi kutentha thupi, ndi lothamangira nalo kwa dokotala. Kawirikawiri liwombo limatsekeka pakati pa miyezi 12 ndi 18. Mutu umene ukukula mothamanga mwezi ndi mwezi, mitsempha ili poyera, maso akuyang'ana pansi, ndi wa ku Queens mosachedwa, chifukwa madzi ochuluka m'mutu amathandizika bwino akapezeka msanga.

Dontho pa tchati, ndi kuwerenga mzere

Matchati amene timagwiritsa ntchito amachokera pa miyeso ya bungwe la WHO ya 2006, imene inatengedwa kwa ana oyamwa ndi osamalidwa bwino a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Chimene anapeza n'chakuti ana aang'ono a mitundu yonse amakula mofanana ndithu akapeza chakudya ndi chisamaliro chokwanira. Choncho mawu akuti "kwathu ndife afupiafupi" musawalandire msanga. N'zoona kuti ana amatengera makolo, koma makolo ambiri afupi nawonso anapinimbira ali ana.

Onetsetsani kuti mwatsegula tsamba loyenera, la anyamata kapena la atsikana. Pezani mwezi pansi, kulemera kumbali, ikani dontho pamene ziwirizo zakumana, n'kulilumikiza ndi dontho la mwezi watha. Mzere wokwera motsatira mizere yosindikizidwa ndi wabwino, ngakhale mwanayo ali wocheperako thupi. Mzere wogona, umene sunakwere kwa miyezi iwiri, ndi chenjezo. Mzere wotsika ndi wofuna kuchitapo kanthu lero lomwe. Mwana amene anali pamwamba koma wakhala akutsetsereka mwezi ndi mwezi amandidetsa nkhawa kuposa wamng'ono thupi amene akukwera mokhazikika, chifukwa woyambayo amaoneka bwino ndipo palibe amamukayikira.

Kutalika poyerekeza ndi msinkhu kukakhala pansi pa mzere wolembedwa -2 pa tchati, mwanayo wapinimbira. Kulemera poyerekeza ndi kutalika kukakhala pakati pa -2 ndi -3, wanyentchera pang'ono, ndipo pansi pa -3 wanyentchera kwambiri. Mukapeza nambala yodabwitsa, monga mwana amene watsika ndi kilogalamu yathunthu koma akusewera bwinobwino, yezaninso musananene chilichonse.

Tembenuzani bukulo mayi aone. Lozani ndi chala: "Mayi, mwezi watha anali apa, lero ali apa. Mukuona kuti njira yake yagona? Tiyeni tifufuze limodzi chimene chachitika."

Mzere ukagona, funsani

Funso lakuti "Amadya bwino?" yankho lake ndi "Eya" nthawi zonse. Funsani za dzulo: "Atadzuka m'mawa anadya chiyani? Nanga masana? Anadya m'mbale yake kapena pamodzi ndi akuluake? Anamudyetsa ndani?" Apa ndi pamene mumamva kuti mayi amachoka m'bandakucha kupita kumsika wa Limbe kapena kukachapa m'mayadi, ndipo mwana amatsala ndi mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zitatu ndi phala la madzimadzi la m'mawa. Mayiyo si wosasamala, akusaka chakudya cha banja lonse. Malangizo anu ayambire pamenepo.

Kwa wosakwana miyezi 6, chofunika ndi kuyamwitsa mwakathithi, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku. Pemphani mayi ayamwitse mukuona. Kamwa ya mwana itseguke kwambiri, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja. Mavuto ambiri a "mkaka wochepa" amathera pa kukonza kagwiridwe ka bere. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8, mwana azidya kawiri kapena katatu pa tsiku kuwonjezera pa bere. Kuyambira miyezi 9 azidya katatu kapena kanayi, ndi kena kotolatola pakati. Phala likhale lolimba moti silikuyenderera pasupuni, la mgaiwa, lothira nsinjiro, ufa wa soya, ufa wa bonya wosinja, dzira, masamba osinja kapena kasupuni ka mafuta ophikira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa aja muwatchule ndi zinthu zimene mayiyo angazipeze pa ndalama imene ali nayo, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi pamene chimanga chimakwera mtengo. Tiyi, maheu ogula ndi tizakudya ta m'mapaketi zimadzaza mimba koma sizikuza mwana.

Funsaninso ngati mayi ali ndi pathupi pena. Ambiri amamuchotsa mwana kubere tsiku lomwe azindikira, poopa kuti mkaka waipa. Mkakawo suipa, ndipo mayi akhoza kupitiriza kuyamwitsa bola iyeyo azidya mokwanira.

Chakudya chikakhala chilipo koma mwana sakukwera, ganizirani matenda. Kutsegula m'mimba pafupipafupi, malungo, chifuwa chosatha, kapena munthu wodwala TB m'nyumbamo. Onani ngati mayi anayezetsa HIV. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo amayezedwa ali ndi masabata 6, kenaka pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, ndipo mwana aliyense wonyentchera ayenera kuyezedwa.

Nkhani ya tsempho idzabwera, makamaka mwana akatupikana. Banja likhoza kukhala litaloza kale chala bambo kapena mayi kuti sanadzisunge. Musaseke, ndipo musayambe mtsutso pakhomo la sikelo. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kunena kuti, "Agogo, za kumudzi mukambirana monga banja, koma kutupaku mankhwala ake alipo kuno, ndipo ayenera kuyamba lero." Mukawanyoza, mwanayo simudzamuonanso.

Wonyentchera kwambiri amene alibe vuto lina, ndipo wadya chiponde bwinobwino pomuyesa mukuona, amalandira chiponde n'kumabwera kudzaonedwa kuchokera kunyumba. Chiponde ndi mankhwala a mwana yekhayo, si chogawana ndi abale ake, ndipo nenani zimenezi mwaulemu chifukwa m'nyumba ya njala n'zovuta. Amene wakana kudya, watupa mpaka kumaso, ali ndi chizindikiro choopsa, kapena sanakwane miyezi 6, ndi wogonekedwa. Kuno kwathu ana otere amathandizidwa ku wodi ya Moyo ku Queen Elizabeth Central Hospital. Pa ulendo afundidwe bwino ndipo aziyamwa kapena kumwa pang'onopang'ono, chifukwa amazizidwa msanga ndipo shuga wa m'thupi amatsika.

Zimene mwana wayamba kuchita

Gawo ili lilibe muvi woloza nambala, n'chifukwa chake limasiyidwa. Koma silitenga nthawi yaitali mukazolowera, ndipo zambiri mumaziona mwana ali pamiyendo pa mayi ake mukulemba m'buku. Muziyang'ana zinthu zinayi: mmene akugwiritsira ntchito thupi lonse, mmene akugwiritsira ntchito manja ndi maso, kumva ndi kulankhula, ndi mmene akukhalira ndi anthu. Magawo anayi omwewa ndi amene ali mu Malawi Developmental Assessment Tool, chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwa muno m'Malawi n'kusindikizidwa mu 2010, chifukwa zida zochokera kunja zinkafunsa ana athu zinthu zimene sanazionepo.

Simufunika zidole zogula. Sungani pakona ya tebulo kapu ya pulasitiki, supuni, kabotolo kotseka bwino kokhala ndi timiyala m'kati, mpira wa majumbo, kansalu ndi pensulo. Muyambe ndi gawoli mwana asanabayidwe katemera, ndipo ngati n'kotheka asanavulidwe, chifukwa akangolira palibe chimene angakuonetseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani kapuyo patsogolo pake, inu muzicheza ndi mayi, diso lili pa mwana.

Pa masabata 6, tsiku la katemera woyamba wa pantchafu, yandikitsani nkhope yanu n'kuyendetsa mutu pang'onopang'ono. Akuyenera kukuyang'anani ndi kukutsatirani, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo pofika miyezi iwiri azimwetulira mayi ake akamamuseketsa. Pa miyezi 3 mpaka 4 khosi limalimba. Mukamudzutsa pomugwira manja mutu sutsalira kumbuyo, ndipo mukamugoneka chafufumimba amadzutsa mutu ndi chifuwa. Amayi ambiri amadziwa okha, chifukwa amasiya kumangirira mutu ndi chitenje pobereka. Pa miyezi 6 amatambasula dzanja kulanda supuni, kuiika m'kamwa, amagubuduka, ndipo mukagwedeza kabotolo kumbali kwa khutu lake iye asakuona, amatembenuka. Yesani makutu onse awiri.

Pa miyezi 9, tsiku la katemera wa chikuku, ndi mpata wabwino kwambiri. Mukhazikeni pamphasa. Akhale yekha osagwiriridwa, asinthe chinthu kuchoka dzanja ili kupita linalo, azibwebweta "bababa", "mamama", atembenuke mukatchula dzina lake. Phimbani supuni ndi kansalu iye akuona, muone ngati aifunafuna. Akakuopani n'kukakamira mayi ake, sangalalani, chifukwa wayamba kusiyanitsa wake ndi mlendo. Pofika chaka amatola kachidutswa ka nthochi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, amaimirira atagwira mpando, amabayibitsa, ndipo mawu amodzi kapena awiri atanthauzo amayamba kumveka.

Ana sachita zinthuzi tsiku limodzi. Kafukufuku wa WHO anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi pafupifupi 4 ndi 9, ndipo amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi pafupifupi 18. Ana anayi mwa 100 alionse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo, ena amangokhwekhwereza matako kenaka n'kuimirira. Choncho mayi akadandaula kuti wa aneba anayenda ali ndi miyezi 10 pomwe wake wa miyezi 13 akungogwira makoma, mulimbitseni mtima. Mwanayo adakali m'nthawi yake.

Pa miyezi 18 aziyenda yekha, azinena mawu angapo, aziloza ndi chala chinthu chimene akufuna kapena chimene akufuna kuti inu muone, ndipo amve akauzidwa kuti "bweretsa kapu". Pa zaka ziwiri amathamanga, amamenya mpira, amadya yekha, ndipo amaphatikiza mawu awiri: "amama madzi", "ndifuna nsima". Pa zaka zitatu amalankhula moti ngakhale mlendo amamva zambiri, amadumpha ndi miyendo yonse iwiri, amayamba masanje. Wa zaka zinayi kapena zisanu amadumpha ndi mwendo umodzi, amajambula munthu wamutu ndi miyendo, amafotokoza zimene zachitika dzulo, ndipo amatumika. M'nyumba zambiri muno mu Blantyre ana amamva Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, ndi Chingerezi cha kumkaka. Werengani mawu onse pamodzi. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula.

Tsopano malire amene sitiyenera kudikirapo. Mwana amene sakumwetulira kapena kutsatira nkhope pofika miyezi 3. Khosi losalimba pa miyezi 5 kapena 6. Wosakhala yekha pa miyezi 9. Wosayenda kapena wosanena liwu lililonse pa miyezi 18. Wosaphatikiza mawu awiri pa zaka ziwiri, makamaka ngati sayang'ana anthu m'maso ndipo saloza zinthu. Thupi lolobodoka, kapena louma moti miyendo imapingasa mukamunyamula. Wogwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwanitse chaka, linalo lili chofumbata, chifukwa pa msinkhu umenewu mwana sakhala atasankha dzanja, ndipo mwina mbali inayo ndi yofooka. Kadontho koyera pakati pa diso, kapena diso lopenyera kumbali nthawi zonse. Choposa zonse, mwana amene wasiya zimene ankachita kale: ankayenda koma wasiya, ankalankhula koma wangoti duu. Ameneyu atumizidwe pa msinkhu uliwonse.

Mawu akuti "anyamata amachedwa kulankhula" ndi akuti "bambo akenso anayenda mochedwa" achedwetsa ana ambiri kupeza thandizo. Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayezedwe makutu, ndipo funsani ngati mumatuluka mafinya.

Pali ana ena oyenera kuwaika chizindikiro m'buku ngakhale lero akuoneka bwino: amene anabanika pobadwa osalira msanga, amene anagonekedwa ku nazale ya Chatinkha chifukwa chobadwa osakwana masiku kapena chikasu chachikulu, amene anadwala malungo a m'bongo kapena matenda oumitsa khosi, amene amakomoka pafupipafupi, ndi amene anachira ku kunyentchera kwakukulu. Malungo a m'bongo ndi matenda oumitsa khosi amatha kusiya vuto la kumva, khunyu, kufooka kwa ziwalo kapena kusintha kwa khalidwe, ndipo zina zimaonekera patapita miyezi mwana atatuluka m'chipatala. Muzionanso mayi mwiniwake. Amene sakuyang'ana mwana wake, wosasangalala, wolira msanga, mwina akuvutika maganizo, ndipo mwana sangakule bwino mayi asanathandizidwe.

Kutumiza, ndi mmene mungalankhulire

Ku Queens kuli madokotala a ana, a mafizo, kiliniki yoyeza makutu, ndi chipatala cha maso cha Lions. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amathandizidwa ku Beit CURE, ndipo pulasitala amagwira bwino ntchito akayamba mwana akadali wakhanda. Polemba m'buku musangoti "wachedwa kukula". Lembani zimene mwaona: miyezi 11, sakukhala yekha, miyendo youma, anabanika pobadwa. Wolandira mwanayo adziwe poyambira.

Kwa mayi, yambani ndi zimene mwana akutha. "Mayi, mwana wanuyu akukudziwani, akumva bwino, akuseka. Chimene ndaona n'chakuti msana wake sunalimbe monga timayembekezera pa miyezi imeneyi. Si kulakwa kwanu. Ndikufuna akamuone anzathu a mafizo, chifukwa akayamba msanga zimathandiza kwambiri." Musalonjeze kuti adzachira, komanso musalosere kuti sadzayenda. Funsani ngati ndalama ya minibasi ipezeka ndi amene angawaperekeze, ndipo ngati bambo alipo aitanidwe amve okha, kuti mayi asakasenze nkhaniyi yekha kunyumba. Mukatero, konzani tsiku loti abwerenso kwa inu kudzakuuzani zimene anawauza.

Mwana aliyense, wochedwa kapena ayi, apite ndi kanthu kamodzi kochita kunyumba. Wakhanda azigonekedwa chafufumimba pamphasa kwa kanthawi ali maso, wina akumuyang'anira. Kubereka n'kwabwino, koma mwana azitsitsidwanso kuti agubuduke ndi kukwawa. Mayi azilankhula naye pophika ndi pochapa, kumutchulira zinthu, kumuimbira, ndi kumuyankha akabwebweta. Foni si yolerera mwana wosakwana zaka ziwiri. Wa zaka zitatu apite ku sukulu ya mmera mpoyamba ngati ilipo pafupi.

Musanabweze buku, onani tsamba la katemera: BCG ndi poliyo pobadwa, wa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15, amene makolo ambiri amamuiwala poganiza kuti katemera anatha. Vitamini A amayamba pa miyezi 6 ndipo amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, kapisozi wabuluu kwa wosakwana chaka, wofiira kwa wamkulupo. Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba mwana akakwanitsa chaka. Funsani ngati akugona m'neti. Lembani tsiku lobweranso, mulitchule pakamwa, ndipo muwauze kuti sikelo imapitirira mpaka mwana akwanitse zaka zisanu. Wa mzere wogona kapena wa MUAC wachikasu asadikire mwezi wathunthu. Mupatseni tsiku pakatha masabata awiri, ndipo dzina lake ndi dera limene amakhala mumupatse mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko kuti akamuyendere pakhomo.